Malangizo a masewera a Scrabble, kwa anzathu a ku Zambia

Pepala la m'bokosi la Scrabble limabwera m'Chingerezi. Wamalonda wina kuno ku Blantyre, yemwe amatumiza katundu ku Chipata ndi ku Lusaka, anandipempha kuti ndilembe malangizowa m'Chinyanja. Zodziwikiratu ndadutsapo mwachangu.

M'bokosimo muli bolodi la timabokosi 225, kathumba ka zilembo 100, ndi toikirapo zilembo tinayi. Osewera akhale awiri, atatu kapena anayi. Aliyense atole chilembo chimodzi. Amene chake chayandikira A ndiye woyamba. Bwezani zilembozo, gwedezani kathumba, kenako aliyense atole zisanu ndi ziwiri osasuzumira.

Woyamba aike liwu lodutsa pa nyenyezi ya pakati, ndipo mapointi ake awirikizidwa kawiri. Otsatira azilumikiza mawu awo ku zilembo zomwe zili kale pabolodi, chopingasa kapena chotsika, osati chopendekera. Mukaika, tolaninso kuti zikwane zisanu ndi ziwiri. Zikakukanikani mutha kusinthitsa zilembo m'kathumba, koma ulendo umenewo wakudutsani.

Pa timabokosi ta mitundu ndi pamene anthu amakanganirana. Tina timawirikiza chilembo chimodzi, tina liwu lonse, kawiri kapena katatu. Yambani ndi za chilembo, kenako muwirikize liwu. Kabokosi kamalipira kamodzi kokha, pa ulendo womwe chilembo chakhalapo koyamba. Werengani zolembedwa pa kabokosiko, musadalire mtundu, pakuti mabolodi a zaka zosiyana sapakidwa mofanana.

Muli tizidutswa tiwiri topanda chilembo. Sikuti ku fakitale analakwitsa ayi, musatitaye. Kameneka kamaimira chilembo chilichonse chomwe mwatchula, kalibe pointi, ndipo mukangotchula sikasinthanso mpaka masewera atha. Ndi golide ameneyu: kasungeni mpaka mupeze liwu lotha zilembo zonse zisanu ndi ziwiri nthawi imodzi, lomwe limabweretsa mapointi 50 apamwamba. Chimodzimodzi S, alipo anayi okha.

Tsono mawu ololedwa. Pepala likuti mawu onse a mu dikishonale ndi ololedwa kupatula maina a anthu ndi malo, mawu a chidule, ndi okhala ndi kamzere kapena kachizindikiro pakati. Choncho ZAMBIA ndi LUSAKA ayi. Koma dikishonale yake iti? Gwirizanani musanatole chilembo ngakhale chimodzi. Kunja kwa North America a mipikisano amatsata mndandanda wa Collins Scrabble Words, ndipo m'menemo muli mawu oti aphunzitsi a Chingerezi angakudulireni malikisi.

Q ndi Z ali ndi mapointi 10 aliyense, J ndi X ali ndi 8. Ambiri amakhala ndi Q m'manja mpaka mapeto, akudikira U. Palibe chifukwa. QI ndi liwu lololedwa, lochokera ku China, kutanthauza mphamvu ya moyo m'thupi. QAT ndi masamba omwe amatafuna ku Yemen ndi ku Somalia. ZA ndi dzina lina la pizza, ZO ndi ng'ombe ya ku Tibet, XI ndi chilembo cha Chigiriki, XU ndi kandalama ka ku Vietnam, JO ndi wokondedwa m'kalankhulidwe ka ku Scotland, AA ndi chiphalaphala chouma chokhakhala cha m'phiri lophulika. Timawu ta zilembo ziwiri timeneti tilowezeni ngati mathebulo a masamu, chifukwa ndi tomwe timakulolani kugoneka liwu pambali pa linzake n'kudya mapointi mbali zonse. V yekha ndiye alibe kaliwu kotere, mutulutseni msanga.

Ndalama zathu nazo zilimo. KWACHA ndi mapointi 18, NGWEE ndi 9. TAMBALA ndi 11 chabe, koma werengani zilembo zake: zisanu ndi ziwiri, ndiye kuti 50 uja ngwanu ngati zonse zachokera m'manja mwanu.

Lamulo silikufunsani tanthauzo la liwu. Mnzanu akakayikira, atsutse wotsatira asanaike zake, mutsegule dikishonale. Liwu likapanda kupezekamo, mwini wake achotse zilembo, ulendo wapita. Langizo langa, lomwe papepala palibe: foni ikhale chafufumimba patebulo mpaka wina atatsutsa, apo ayi wina azisakasaka mawu pansi pa tebulo.

Masewera amatha kathumba kakauma ndipo mmodzi wamaliza zilembo zake, kapena pamene aliyense walephera kuika. Otsala ndi zilembo achotse mapointi a zilembozo pa zomwe apeza, ndipo womaliza uja awonjezere onsewo kwa iye.

Ana aang'ono akhale kutali, tizidutswati angameze. Musanatseke bokosi yalani zilembo mizere khumi ya khumikhumi, muone ngati zakwana. Ma E akhale 12, ma A ndi ma I akhale 9 aliyense.