Kupalasa njinga kuchoka ku Lilongwe kukayenda m'mbali mwa nyanja: mmene mungakonzekere

Anthu akamva kuti ndimapalasa njinga kuchoka mu Lilongwe muno mpaka kunyanja amathamangira kufunsa za mphamvu, eti miyendo yake imatha bwanji. Koma mphamvu si nkhani yaikulu ayi, akabaza aja amapalasa tsiku lonse atanyamula munthu ndi thumba la chimanga pakeliyala. Chimene chimavulaza anthu pa ulendo umenewu ndi kusankha mwezi wolakwika komanso kulowera mbali yolakwika, nde tiyambire pamenepo.

Pitani pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Mvula imakhala itasiya, misewu yadothi yauma, ndipo kunyanja kumakhala kofunda bwinobwino osati kotentha. Okutobala ndi Novembala musayerekeze ngati ndi ulendo wanu woyamba, ku Salima nthawi imeneyo 9 koloko m'mawa phula limakhala layamba kale kutulutsa moto ndipo madzi a m'botolo amasanduka ngati osamba. Chachiwiri ndi mwera. Miyezi yozizirayi mphepo ya mwera imawomba kuchokera kummwera kulowera kumpoto, yomwe ija imaletsa asodzi kulowa panyanja ndi mabwato. Ndiye ngati mukuchoka ku Salima kulowera ku Nkhotakota imakukankhani kumsana, mumangomva njinga ikupepuka yokha, koma mukatembenuka kuti mubwerere njira yomweyo mumalimbana nayo maso ndi maso tsiku lonse ngakhale msewu uli wosalala. Konzani ulendo wanu kuti uziyenda ndi mphepo, basi.

Tsiku loyamba ndi msewu wa M14. Mukadutsa ku Kanengo mumakhotera kumanja kusiya M1, kukafika ku Salima ndi pafupifupi makilomita 100. Lilongwe ili pamtunda wa mamita opitirira 1,000 pomwe nyanja ili pansi pa 500, nde anthu amaganiza kuti ndi kutsetsereka kokhakokha. Ayi ndithu. Chigawo cha Dowa chija kudutsa pa Chezi mpaka ku Mvera ndi kukwera kutsika kukwera kutsika, ndipo zitunda zake zimadya munthu pang'onopang'ono. Kutsetsereka kwenikweni kumabwera kutsogolo, ndipo pamenepo ndi pomwe mabuleki anu amayesedwa chifukwa njinga yolemedwa ndi katundu imathamanga mosiyana ndi yopanda kanthu. Musagwire buleki osasiya mpaka pansi, muzigwira ndikusiya, onse awiri wakutsogolo ndi wakumbuyo. Nyamukani kukangoyera, cha m'ma 5:30, kuti mudutse Kanengo mathiraki asanachuluke. Ngati makilomita 100 akuchulukirani palibe cholakwika kukweza njinga pa minibasi mpaka pa Mvera ndikuyambira pamenepo, ingogwirizanani mtengo wa njingayo ndi kondakitala musanakweze.

Mukafika ku Salima mukhoza kugona patauni pompo kapena kuonjezera makilomita ngati 20 kukafika ku Senga Bay. Ine ndimaonjezera, chifukwa kuona madzi aja tsiku loyamba lomwelo kumabweza mtima m'malo.

Tsopano apa mvetsetsani, chifukwa ambiri amakhumudwa. Msewu wa M5 timautchula kuti wa m'mbali mwa nyanja koma kuchoka pa Kaphatenga kulowera ku Nkhotakota mukhoza kupalasa maola osaiona nyanjayo, imakhala patali kuseri kwa minda ndi madambo. Nyanja yeniyeni, ya asodzi, ya matandala a usipa ndi ana osambira, mumaipeza mukasiya phula ndikulowa tinjira tadothi topita kumadoko. Ndipo ubwino wa njinga wagona pamenepo, galimoto imangodutsa liwiro pomwe inu mukhoza kukhota paliponse. Njira yake musadalire foni yokha, funsani akabaza omwe aima pasiteji, iwowo amadziwa kuti njira iyi ili ndi mchenga wambiri, iyo mlatho wake unakokoloka ndi mvula ya chaka chatha. Mufunse mwaulemu, perekani kaye moni, "Mwaswera bwanji achimwene, kodi njira yopita kudoko njinga imadutsa?" ndipo funsaninso munthu wachiwiri kutsogolo. Akakuuzani kuti ndi pafupi pompa funsani kuti pa njinga ndi mphindi zingati.

Mchenga mukaupeza phwetsani matayala pang'ono, ikani giya yopepuka, musagwire handulo mwamphamvu. Ukachuluka tsikani muzikankha, nthawi zina ndi mamita ochepa chabe. Mukabwerera paphula popaninso.

Kuchoka ku Salima kukafika ku Nkhotakota ndi makilomita opitirira 100 pang'ono, kudutsa pa Khombedza, pa Benga, kenako ku Chia. Munthu wamphamvu amatha tsiku limodzi koma ine ndingati gawani masiku awiri, apo bii mungokhala mwapikisana ndi msewu osaona kanthu. Pa Chia imani ndithu. Pali mlatho pomwe madzi a thamanda lalikulu lija amalumikizana ndi nyanja, ndipo pambali pa msewu amagulitsa nsomba, ziwisi ndi zowamba. Ulendo wina ndinafika pamenepo cha m'ma 10 ndili ndi njala yoopsa, mayi wina anali ndi kamalo kake kophikira kuseri kwa mabenchi a nsomba, anandiyang'ana fumbi lili mbuu kumaso nkunena kuti "Khalani pansi bambo, sambani m'manja kaye," anabweretsa kondowole wotentha ndi chambo chowotcha, mchere ndi tsabola pambali. Kondowole ngati simunazolowere menyani mbamu zing'onozing'ono ndipo musadye wambiri ngati mukupalasanso, amakhala m'mimba nthawi yaitali. Ku Nkhotakota komweko kaoneni mkuyu uja womwe David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe, mtsogoleri wa ogulitsa akapolo kumeneko, pa nkhani ya malondawo, uli m'tauni momwemo. Koma msewu wa M18 wodutsa m'nkhalango ya Nkhotakota kupita ku Kasungu musalowemo pa njinga, muli njovu zambiri, paja mu 2016 ndi 2017 anasamutsiramo pafupifupi 500.

Kwa amene akufuna kulowera kummwera, M5 yomweyo imadutsa pa Chipoka, Mtakataka ndi ku Mua komwe kuli mishoni yakale ya 1902 ndi malo a zachikhalidwe a Kungoni, kenako pa Golomoti mumakhotera ku Monkey Bay ndi Cape Maclear. Njirayi ndi yokongola koma nthawi ya mwera mphepo imakhala kumaso, nde ndi bwino kuiyambira ku Monkey Bay kubwera chakuno. Chitunda cha Khwekhwerere chokwera ku Dedza chisiyireni ulendo wina mukadzakhwima.

Za njinga yake. Simukufunika yodula, mauntenibaiki ya kaunjika ya matayala a mainchesi 26 ndi yabwino kwambiri chifukwa machubu ndi matayala ake amapezeka pafupifupi pa tiredingi senta iliyonse, chimodzimodzi a 28 a njinga za kabaza. Muli ndi ya 29 kapena ya matayala ang'onoang'ono a mpikisano, nyamulani machubu anu kuchokera ku Lilongwe, kumudzi mudzavutika. Sabata imodzi musananyamuke pitani nayo kwa okonza akaone masipoko, tcheni, mawaya a mabuleki ndi keliyala, kenako muimangirire katundu yense muyende nayo makilomita 30 kuti muone chomwe chikugwedera. Mchikwama musasowe machubu awiri, mapachi ndi solushoni, pampu, masipanala oyenera njinga yanuyo, ndi malegeni omangira. Minga m'tinjira tadothi ndi yambiri, ndipo mukaphulitsa musangosintha chubu, yendetsani chala mkati mwa tayala mpaka mungawo muupeze. Ine ndinaphulitsapo machubu awiri motsatizana chifukwa cha kamunga kamodzi komwe sindinakaone. Katundu aikidwe panjinga osati kumsana, chikwama chakumsana pa dzuwa la kunyanja chimakuthyolani mapewa.

Madzi nyamulani malita atatu ndipo muzidzaza pamjigo uliwonse osadikira kuti athe, mukakayika thiranimo mankhwala oyeretsa madzi aja. Tengani timapaketi ta Thanzi ORS, thukuta limachotsa mchere wambiri ndipo izi zikhoza kubweretsa kukokana kwa minofu. Zakudya zili ponseponse, nthochi, mtedza, chinangwa chophika, mandasi, thobwa, tchipisi cha pachiwaya. Ndalama gawani, zina pa Airtel Money kapena Mpamba, zina m'thumba zosinthasintha chifukwa kudoko ejenti akhoza kukhala alibe ndalama tsiku limenelo.

Pamsewu khalani kumanzere kwenikweni. M5 malo ena ndi yopapatiza, m'mphepete munadyeka, milatho ina imadutsa galimoto imodzi, ndipo mumayenda mathiraki ndi mabasi. Mukamva hutala kumbuyo tsikani paphula, osalimbana nawo. Valani chipewa choteteza mutu ndi malaya owala, ndipo 4 koloko ikamakwana mukhale mwadziwa kogona chifukwa miyezi imeneyi 6 koloko kwada kale. Maresitihausi alipo m'matauni, funsani ngati muli neti ndipo njinga mulowe nayo kuchipinda. Mukafuna kumanga tenti pamudzi pitani kaye kwa amfumu mukadzionetse, munene komwe mwachokera ndi komwe mukupita, nthawi zambiri amakuonetsani malo abwino pafupi ndi nyumba.

Kusamba m'nyanja mudzakufuna ndithu mukatopa, koma funsani eni mudzi posambira. Pewani pamatsiriro a mitsinje ndi m'mabango, ndi momwe mumakhala ng'ona ndi mvuu, komanso madzi odekha a m'mabango ndi omwe amakhala ndi nkhono za likodzo. Mukabwerako pakatha miyezi iwiri kapitani kuchipatala akakuyezeni likodzo, mankhwala ake alipo, ndipo mukamva kutentha thupi masiku otsatira kayezetseni malungo tsiku lomwelo.

Pobwerera ine ndimakweza njinga pabasi kuchokera ku Nkhotakota kapena ku Salima, chitunda cha ku Mvera chokwera chija ndi katundu ndi ulendo wina pawokha. Chotsani zikwama ndi pampu mukhale nazo pampando, ndipo imani pompo muone mmene akuimangirira, mbali ya magiya ikhale pamwamba kuti isapindike.