Kukwezedwa pantchito ku Dwangwa: zimene mabwana amayang'ana

M'minda ya nzimbe ndi m'fakitale ya shuga ku Dwangwa, ambiri amalembedwa ntchito kwa nyengo yodula nzimbe yokha, kuyambira cha mu Epulo mpaka cha mu Novembala. Olimbikira ndi ambiri. Koma mpata wa ntchito yokhazikika kapena ukapitao ukapezeka, amene amasankha anthu amakhala mu ofesi, ndipo amayang'ana zolembedwa.

Gulani kabuku kolowa m'thumba. Mukaweruka, lembani tsiku, ntchito imene mwagwira ndi kuchuluka kwake: mizere imene mwadula, maulendo amene thirakitala yanu yayenda, kapena mphindi zimene makina anaima ndi chimene chinawaimitsa. Kulemba mizere itatu ya mawu m'kabukumo patsiku n'kokwanira. Pakutha pa miyezi isanu mudzakhala ndi umboni umene anzanu alibe.

Vuto likabuka, linenedwe msanga, ndipo pokanena muzitchula zitatu: chimene chalakwika, chimene mwachitapo, chimene chikufunika. "Bwana, thirakitala yafera pamlatho, nzimbe ndasamutsira mu ina, pakufunika makaniko." Apa changu n'chofunika chifukwa nzimbe zowotchedwa zikachedwa kufika kufakitale, shuga amachepa. Wopulumutsa katundu wotere dzina lake limamveka pamsonkhano wa m'mawa.

Musadumphe kapitao wanu n'kukanena kwa manijala. Iyeyo ndi amene adzafunsidwe za inu, ndipo wodumphidwa sakuyamikani. Ukazitape nawo sukweza munthu: mabwana amamvetsera miseche, koma sapatsa wamiseche gulu loti aliyang'anire, poti anthu sangamumvere.

Fakitale ikaima nthawi ya dzinja, sakani pepala. Amene mumadziwa kuwotcherera, zamagetsi kapena kukonza injini koma mulibe satifiketi, kafunseni ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, kapena ku Salima Technical College za mayeso a luso lanu. Oyendetsa akweze laisensi, ena abwereze MSCE. Pepalalo likatuluka, kaperekeni fotokope ku ofesi yoona za antchito, ndipo muonetsetse kuti yalowa mu fayilo yanu. Ambiri amasiya satifiketi mu sutikesi n'kumadabwa kuti akupitiriridwa.

Za kukwezedwa muziyambitse patatsala mwezi umodzi kapena iwiri kuti nyengo ithe, osati tsiku limene makina afa. Pitani ndi kabuku kaja, funsani kuti: "Bwana, kuti ndiganiziridwe pa ukapitao, ndikuperewera pati?" Zimene ayankhe mulembe, ndipo nyengo yotsatira ikayamba mukawaonetse zimene mwakonza.