Mawu a Chingelezi akuti "clump": njira yodziwira pomwe akukwana

Ntchito yanga ndi yomasulira zolembedwa, kuchoka m'Chingelezi kubwera m'Chichewa, nthawi zina kuchoka m'Chichewa kupita m'Chingelezi. Pa mawu onse amene anandizunguza mutu, kamodzi kanali kakafupi kwambiri: "clump". Mukatsegula dikishonale mupeza kuti ndi gulu, mulu kapena chibuma. Zonsezi n'zoona, koma mukatseka bukulo mumatsalabe osadziwa poika mawuwo. Apa ndikupatsani njira imene ine ndimatsata tsopano.

Yambani ndi pakamwa. Chilembo cha "u" m'mawuwa chimamveka ngati "a" wamfupi, monga mu "cup" ndi "jump". Musaike "u" wina pakati pa "c" ndi "l", ndipo mukafika pa "p" tsekani milomo, thereni pomwepo. Samalaninso ndi "l". Ife timasinthanitsa "l" ndi "r" tanthauzo osasintha, koma m'Chingelezi zilembo zimenezi zimalekanitsa mawu. "Clamp" ndi chida chopanira matabwa kapena zitsulo, "cramp" ndi kukokana kwa minofu, ndipo onsewa amayandikana kamvekedwe ndi "clump". Atchuleni atatuwa motsatizana, pang'onopang'ono, mpaka khutu lizolowere.

Kenako ikani chithunzi chimodzi m'maganizo. Mwagwira udzu n'kuuzula, ndipo wazuka wonse pamodzi: timapesi tambirimbiri, mizu yolukanalukana, dothi lili kakaka kumizuko. Chimene chili m'dzanja lanucho ndiye "a clump of grass". Matanthauzo ena onse a dzinali amachokera pa chithunzi chimenechi: tinthu tambiri ta mtundu umodzi, togwirana kapena tothithikana pamodzi, popanda dongosolo lililonse. Ndikafuna kulemba mawuwa ndimadzifunsa mafunso awiri. Kodi nditachiphwasula chinthuchi ndingaone tizidutswa tambiri tofanana? Nanga tagwirana tokha, kapena pali wina amene wachita kutimanga? Ngati tili tambiri ndipo tagwirana tokha, "clump" akwana.

N'chifukwa chake mumamva "a clump of trees", kutanthauza kagulu ka mitengo yomera mothinana pabwalo loyera, "a clump of hair", tsitsi lothothoka logwirana, ndi "a clump of mud", matope omata kunsi kwa nsapato. Onani kuti pambuyo pa "of" pamabwera dzina la zambiri, monga "trees", kapena dzina la chinthu chosawerengeka, monga "hair". Kunena "a clump of tree" n'kulakwa. Palinso "in clumps". Munthu akati "her hair came out in clumps", akutanthauza kuti tsitsi silinkagwa limodzilimodzi, linkachoka lambiri nthawi imodzi. Ndi chiganizo cholemera, ndipo kawirikawiri chimanenedwa pofotokoza matenda.

Pa nkhani ya mitengo, Angelezi amawakonda kwambiri mawuwa. Lancelot Brown, yemwe ankadziwika ndi dzina lakuti Capability Brown ndipo anamwalira mu 1783, ankakonza mabwalo a nyumba zikuluzikulu za ku England podzala mitengo m'timagulu tobalalika pa kapinga wamkulu, ndipo timagulu timeneto timatchedwa "clumps". Ku Oxfordshire, chigawo china cha ku England komweko, kuli mapiri awiri aang'ono okhala ndi mitengo pamwamba pake, otchedwa Wittenham Clumps. Mukaona chithunzi cha malowo, tanthauzo la mawuwa silingakuthaweninso.

Vuto lenileni lili pa mawu oyandikana nawo, ndipo apa ndi pomwe ine ndinagwa. Tsiku lina ndinkamasulira kapepala ka zaumoyo kupita m'Chingelezi, ndipo pomwe panali "chotupa cha m'bere" ndinalemba "clump". Namwino amene anapatsidwa kuti akawerenge kasanasindikizidwe anadula mawuwo n'kulemba "lump". Anandiuza mofatsa kuti mayi amene akudziyeza bere akufufuza kanthu kamodzi kolimba, osati gulu la tinthu. Zinandikhudza kwambiri, chifukwa kapepala kotere kamafika m'manja mwa munthu wamantha amene akufuna mawu omveka msanga. Kuyambira pamenepo sindinasokonezenso. "Lump" ndi chinthu chimodzi cholimba chopanda maonekedwe enieni: chotupa pathupi, chidutswa cha malasha, chibulumwa cha dongo. "Clump" ndi zambiri zogwirana. Pa dothi ndi matope mawu awiriwa amakumana, ndipo mutha kusankha alionse, ngakhale kuti chibuma chotsala khasu likadutsa chili ndi dzina lakelake, "clod".

"Cluster" ndi zinthu zoyandikana koma chilichonse chikuonekabe pachokha, monga nyenyezi kumwamba kapena nyumba zingapo zomangidwa moyandikana. Mitengo ikhoza kukhala "cluster" kapena "clump", koma "clump" amaonetsa kuthinana kwambiri. "Bunch" ndi wa zinthu zomangidwa kapena zolendewera pamalo amodzi: makiyi pa kawaya kawo, maluwa othyola omangidwa pamodzi. Maluwa omwewo ali m'munda, mizu ili m'nthaka, ndi "clump". Mukawathyola n'kuwamanga asanduka "bunch". Chitsanzo chimenechi chimandithandiza kuposa zonse.

Mawuwa ndi mneninso. "To clump" kapena "to clump together" ndi kugwirana, kumatana mpaka kupanga timibulu. Pa zachipatala mudzawapeza akunena za magazi. Mu 1901, Karl Landsteiner, dokotala wa ku Vienna, anafotokoza kuti mukasakaniza magazi a anthu ena, maselo ofiira amagwirana n'kupanga timibulu, pomwe a anthu ena sagwirana. Umu ndi mmene magulu a magazi anadziwikira, ndipo mu 1930 Landsteiner analandira mphoto ya Nobel. Madokotala amati kugwirana kumeneku ndi "agglutination", koma pofotokozera munthu wamba amangoti "the red cells clump together". Musasokoneze ndi "clot", komwe ndi kuundana kwa magazi pabala kapena mumtsempha. Pomasulira ndimalemba "kugwirana" pa "clump" ndi "kuundana" pa "clot", kuti owerenga asaone ngati ndi chinthu chimodzi.

Kuchokera ku mneniyu timapeza "clumping". Olima nsungwi amasiyanitsa "clumping bamboo", imene mphukira zake zimatulukira pafupi ndi tsinde n'kukhala malo amodzi, ndi "running bamboo", imene mizu yake imayenda pansi pa nthaka n'kukatulukira kutali. Oweta amphaka m'nyumba amagula "clumping litter", dongo louma limene likanyowa limagwirana n'kukhala chibuma chosavuta kuchotsa. Palinso "clumpy", mawu ofotokoza chinthu cha mibulumibulu, monga penti wokhalitsa.

Tanthauzo lotsiriza limadabwitsa ambiri, chifukwa silikhudza gulu ngakhale pang'ono. "To clump" ndi kuyendanso mopondetsa, mapazi akumveka di, di, di, monga munthu wovala jombo zolemera. "He clumped up the stairs" ndiye kuti anakwera masitepe mdidi wake ukumveka nyumba yonse. Ena amalemba "clomp". Nsapato zazikulu zolemera amazitcha "clumpy shoes". Ine ndimalumikiza matanthauzo awiriwa pokumbukira mawu a Chidatchi akuti "klomp", omwe ndi achibale a "clump". Kwa Adatchi "klomp" ndi chibulumwa, komanso ndi nsapato yosema pamtengo. Ganizirani munthu akuyenda pa matabwa atavala nsapato zamtengo, ndipo phokosolo mwalimva kale. M'Chijeremani mawu achibale ndi "Klumpen", kutanthauza chibulumwa.

Kuti mudziwe tanthauzo lomwe lili m'chiganizo, yang'anani amene akuchita ndi mawu otsatira. Ngati ndi munthu, ndipo pakubwera "up", "down", "across" kapena "around", akunena za kuyenda. Ngati ndi tinthu tambiri, ndipo pakubwera "together", akunena za kugwirana. Anthu nawonso amatha kuchita "clump together", monga alendo ounjikana pakhomo la holo m'malo molowa, choncho musangoona munthu n'kuthamangira ku mdidi.

Pobwera nawo m'Chichewa, musafune mawu amodzi oti akwane paliponse, chifukwa ife chinthu chilichonse tili nacho ndi dzina lake. Sabata yatha ndinali ndi ndime imodzi momwe "clump" anapezeka kanayi. Poyamba ndinalemba "tsinde la udzu", kachiwiri "kagulu ka mitengo", kachitatu "zibuma za dothi". Kachinayi kanali ka mlimi wobwera kuchokera kumunda madzulo, jombo zili matope okhaokha, ndipo ndinalemba kuti analowa m'nyumba di, di, di.