Muli ndi thiraki? Konzani chonchi ndalama za pa tollgate ulendo usanayambe

Chiyambireni kulipiritsa pa Chingeni ku Ntcheu mu Novembala 2021, ndi pa Kalinyeke ku Dedza mu Januwale 2022, thiraki yochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe pa msewu wa M1 imalipira kawiri popita ndi kawiri pobwerera. Zaka zadutsa, komabe eni mathiraki ambiri, makamaka amene ali ndi imodzi kapena ziwiri, amatenga ndalama imeneyi ngati ya kaoneni m'njira. Amapangana mtengo ndi mwini katundu atangowerengera dizilo ndi alawansi, ndiye dalaivala akaimba foni ali pamzere pa chipata m'pamene amayamba kupisa m'matumba. Phindu la thiraki limathera m'tinthu totere. Ndalama ya pa tollgate ndi yodziwikiratu, munthu angathe kuiwerengera ali pakhomo pake thiraki isanalize injini, ndipo iyenera kulowa mu mtengo wa ulendo.

1. Siyanitsani ndalama zimene mukulipira

Msewu timaulipira m'njira zingapo, ndipo kuzisakaniza ndiko kumabweretsa mikangano pakati pa bwana ndi dalaivala. Yoyamba simuiona n'komwe: ili kale mu mtengo wa lita iliyonse ya dizilo, ndipo imapita ku thumba lokonzera misewu. Yachiwiri ndi ya pa tollgate, imene amatolera ndi a Roads Fund Administration, RFA mwachidule. Yachitatu ndi ya pa boda, yomwe thiraki ya nambala yakunja imalipira polowa m'dziko la eni. Mathiraki akunja amalipira polowa kuno, ifenso timalipira tikalowa kwawo.

Chindapusa cha pa sikelo, chimene mumalipira thiraki ikapezeka yolemera mopyola malire, chisalowe m'gulu limeneli. Chimenecho ndi chilango, ndipo n'chopeweka. Tifikako.

2. Dziwani gulu la thiraki yanu

Pa chipata salipiritsa poona katundu amene mwanyamula tsiku limenelo. Amaona gulu la galimoto. Malole agawidwa potengera matani: a matani 2 mpaka 5, a matani 5 mpaka 10, opitirira matani 10, ndipo pamwamba pa onsewa pali onyamula katundu wamkulu modabwitsa, monga zimakina zokumbira, amene amayendanso ndi chilolezo chapadera. Thiraki ikamabwerera yopanda kanthu imalipira chimodzimodzi ngati yodzaza. Ambiri amaiwala pamenepa.

Tsegulani blue book muone kulemera kumene kunalembedwa, ndipo kope lake lizikhala m'galimoto. Lole imene ili m'malire mwa magulu awiri ndiyo imavuta, chifukwa wolandira ndalama akaiona kutalika angaiike m'gulu lapamwamba. Dalaivala amene ali ndi pepala m'manja amangoonetsa, nkhani n'kutha. Wopanda pepala amalipira zochuluka kapena kuimitsa mzere wonse akukangana.

3. Lembani njira yonse papepala, muwerenge zipata

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo siitenga nthawi. Tengani kope, mulembe kumene thiraki ikunyamukira, kumene ikukatsitsa, ndi chipata chilichonse chimene idutse, kupita ndi kubwerera.

Titenge mitengo imene inalipo Chingeni itangotsegulidwa mu 2021. Thiraki yopitirira matani 10 inkalipira K8,000 pa chipata chimodzi, ya katundu wamkulu modabwitsa K20,000. Ulendo umodzi wa ku Blantyre kukatsitsa ku Kanengo n'kubwerako ndi zipata zinayi, kutanthauza K32,000. Thiraki yoyenda maulendo 10 pamwezi yasiya K320,000. Amene ali ndi mathiraki asanu, K1,600,000 yapita mwezi umodzi. Mitengo imasinthidwa ndi boma, choncho m'malo mwa K8,000 ikanipo mtengo umene walembedwa pa chikwangwani cha pa chipata lero, kapena umene RFA yalengeza. Kawerengedwe kake n'komweko. Muuzeni dalaivala ajambule chikwangwanicho pa foni akamadutsa, mukhale nacho.

Njira zina zimanyenga. Thiraki yochokera ku Beira yolowera pa Mwanza, ikakhotera pa Zalewa kulunjika ku Lilongwe, idutsa zipata zonse ziwiri. Yomweyo ikakatsitsa ku Blantyre siidutsa ngakhale chimodzi. Ndiye musatchule mtengo umodzi wa "katundu wochokera ku Beira" musanafunse kuti akatsitsira kuti.

Ngati mathiraki anu amadutsa pafupipafupi, pitani ku RFA mukafunse za khadi lolipiriratu. Ubwino wake ndi woti dalaivala sayenda ndi ndalama zambiri m'thumba, ndipo inu mumadziwa kuti ndalama imene mwaika siingagule china. Pa zochotsera mtengo, musangomva za m'maluwa kwa anzanu a maminibasi n'kuganiza kuti thiraki yanu ilinso momwemo. Funsani ku ofesi ya RFA za gulu la thiraki yanu, ndipo mpaka atakuyankhani, werengerani mtengo wonse.

4. Ulendo wakunja uli ndi kope lakelake

Katundu wathu wambiri amalowa ndi kutuluka kudzera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban, choncho mwini thiraki amene akufuna ntchito zazikulu sangazembe nkhani ya zipata za m'maiko ena. Kumeneko kwacha yathu siigwira ntchito. Pamafunika madola, ndiponso ndalama za dziko limene mukudutsalo.

Maiko a m'bungwe la zamalonda la COMESA anagwirizana mlingo wolipiritsira potengera mtunda: madola 10 pa makilomita 100 aliwonse kwa thiraki yaikulu ya maekiselo opitirira atatu, ndi madola 6 kwa lole ya maekiselo atatu kapena kucheperapo. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ali mu COMESA. Mozambique ndi Tanzania mulibe, ndipo ali ndi mitengo yawoyawo. Mlingo wa COMESA muutenge ngati poyambira kuwerengera, koma mtengo weniweni wa tsikulo mufunse kwa agent wanu wa pa boda musananyamuke.

Taonani ulendo wa ku Johannesburg. Thiraki ituluka pa Mwanza, ilowa Mozambique pa Zóbuè, ilipira kumeneko. Ku Tete iwoloka Zambezi pa mlatho wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014 kuti mathiraki asamapanikize mlatho wakale wa Samora Machel. Ituluka pa Cuchamano n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kumene ndalama za misewu amatolera ndi a ZINARA. Kuchoka pa Nyamapanda kudzera ku Harare mpaka pa Beitbridge ndi makilomita opitirira 800, ndiye pa mlingo wa COMESA ndi madola opitirira 80 kupita kokha. Pa Beitbridge palinso ndalama ina yodutsira pa bodapo. Ikalowa mu South Africa, pa msewu wa N1 ikumana ndi zipata zotsatizana monga Baobab, Capricorn, Nyl, Kranskop ndi Carousel. Ena anamva kuti e-toll, njira yolipiritsa galimoto popanda kuima imene inali ku Gauteng, chigawo chimene kuli Johannesburg, inathetsedwa mu Epulo 2024 n'kuganiza kuti zonse zatha. Ayi, zimene zinatha ndi za m'misewu ya ku Gauteng zojambula nambala zija. Zipata zoimapo za pa N1, ndi za pa N3 yopita ku Durban, zikadalipiritsa.

Wopita ku Lusaka amatuluka pa Mchinji n'kulowa pa Mwami. Ku Zambia otolera ndi a National Road Fund Agency, ndipo dzikolo linayamba kale kulipiritsa, mu 2013, poyambira pa mathiraki akuluakulu omwewa. Lisiti imene dalaivala walandira pa boda asaitaye, aisunge pamodzi ndi mapepala a katundu, chifukwa amaifunsa kutsogolo.

Madola afunika kuwakonzeratu. Tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza kuno, ndipo thiraki yogona pa boda masiku awiri podikira kuti bwana atumize ndalama imakhala ikudya phindu la ulendo wotsatira.

5. Ikani ndalamayi mu mgwirizano

Mukamalemba mtengo kwa mwini katundu, ndalama za zipata zikhale pa mzere wawokha, osazibisa mkati mwa mtengo wa pa tani. Onjezanipo chiganizo chimodzi chonena kuti boma likasintha mitengo ya pa tollgate kapena ya pa boda, mzere umenewu usinthanso. Mgwirizano wa miyezi isanu ndi umodzi wonyamula feteleza kapena simenti ungakupwetekeni ngati mitengo yakwera pakati inu mutasaina kale. Gwirizananinso za ulendo wobwerera. Ngati palibe katundu wobwerera naye, zipata za pobwerera alipira ndani? Ndi bwino kukangana pamenepa muli mu ofesi kusiyana n'kukangana katundu atatsitsidwa kale.

6. Alawansi ya dalaivala ikhale payokha

Ichi ndimachinena mosabisa: kupatsa dalaivala ndalama imodzi n'kumuuza kuti "muonemo za chakudya ndi za m'njira" n'kumulakwira. Munthu ameneyu wanyamula thiraki ndi katundu za mamiliyoni ambiri, akugona m'galimoto, ndiye muzimuika posankha pakati pa nsima ndi tollgate? Akachepekedwa amayamba kunyamula matola, kugulitsa dizilo, kapena kufuna njira zozembera. Mapeto ake wotaya kwambiri ndinu.

Konzani maenvulopu awiri, kapena tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba kawiri, uku mukulemba kuti iyi ndi ya zipata, iyi ndi alawansi. Ya zipata ikhale ndi kapamwamba pang'ono ka mwadzidzidzi, ndipo ibwere ndi malisiti. Ya alawansi ndi yake, musamufunse.

Malisiti a pa chipata ndi timapepala topyapyala tosachedwa kufufutika. Kakangokhala pa dashboard padzuwa la ku Zalewa masiku awiri, mupeza kayera, kapena kada bii, osawerengekanso. Muuzeni dalaivala kuti akangolandira aone ngati gulu la galimoto, tsiku ndi ndalama zalembedwa bwino asanachoke pawindo, akafika poima ajambule n'kukutumizirani pa WhatsApp, kenako aike mu envulopu ija. Asalole kudutsa popanda lisiti, ngakhale wina atamuuza kuti amuchotserako. Ndalama yopanda lisiti siikafika ku msewu, ndipo inunso simungaionetse kwa a MRA ngati ndalama yogwiritsa ntchito pa bizinesi.

Kumapeto kwa mwezi khalani pansi ndi kope la maulendo ndi malisiti. Maulendo 10 a ku Lilongwe ayenera kubweretsa malisiti 40. Akapezeka 34, funsani mwaulemu, koma funsani.

7. Musabweze ndalama ya chipata podzaza thiraki mopyola

Pali maganizo amene afala akuti poti zipata zatidyera, tiwonjezere matumba makumi angapo kuti tibweze. Amenewa ndi maganizo otayitsa. Malire a kulemera kwa thiraki yonse ndi ngolo yake m'chigawo chino cha Africa ndi matani 56, koma pa sikelo sayeza thiraki yonse yokha. Amayezanso ekiselo iliyonse. Mlingo umene maiko a m'chigawo chino anagwirizana ndi matani 8 pa ekiselo yakutsogolo, 10 pa ekiselo imodzi ya matayala anayi, 18 pa ziwiri zogundizana, ndi 24 pa zitatu. Choncho thiraki ikhoza kukhala pansi pa matani 56 n'kugwidwabe chifukwa olongedza anaunjika katundu mbali imodzi. Dalaivala aziimirira pomwepo polongedza, asamapite kukamwa tiyi n'kubwera atamanga kale tenti. Ngati pamalo onyamulirapo pali sikelo, yezani musanatuluke pa geti.

Mukagwidwa pa sikelo ya ku Balaka kapena pa boda, chindapusa ndi mbali imodzi chabe. Muyenera kutsitsa kapena kusanjanso katundu, kulipira aganyu, mwina kufunanso lole ina, nthawi ikupita.

Palinso chifukwa china chimene eni mathiraki tiyenera kuchivomereza. Akatswiri a misewu anapeza pa kafukufuku wa ku Illinois, ku America, kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, kuti kuwonongeka kwa msewu kumakwera mofulumira kwambiri kuposa kulemera kwa ekiselo. Ekiselo yopyola malire ndi 20 peresenti yokha imawononga msewu pafupifupi kawiri. N'chifukwa chake thiraki imalipira zambiri kuposa galimoto yaing'ono, ndipo ine sindiona cholakwika pamenepo. Walira mvula walira matope. Maenje amene amatithyolera masipuling'i ndi kutiphulitsira matayala, ena mwa iwo timakumba tokha.

8. Njira zozembera zisiyeni, koma funsani za ndalama zanu

Kulowetsa thiraki yodzaza m'misewu yafumbi ya m'midzi pofuna kuzemba chipata n'kusewera ndi chuma. Timilatho ta kumeneko sanatimangire matani 30, ndipo nthawi ya dzinja thiraki ikatitimira, ndalama yoikokera ingapose ya zipata za mwezi wathunthu. Anthu a m'midzimo nawonso amatsala ndi msewu wokumbika umene sanauwononge ndi iwo.

Koma kulipira mokhulupirika kumatipatsa mphamvu yofunsa. RFA ndiyo imasunga ndi kupereka ndalama, Roads Authority ndiyo imayang'anira ntchito yokonza misewu ikuluikulu ngati M1. Madalaivala anu ndi amene amaudziwa msewu umenewu kuposa wina aliyense. Akaona malo oipa, ajambule, alembe dzina la malowo ndi tsiku. Zithunzizo, pamodzi ndi chiwerengero cha ndalama zimene kampani yanu yalipira pa zipata chaka chimenecho, zipititseni ku mabungwe awiriwa kudzera ku bungwe la eni mathiraki limene muli, monga Road Transport Operators Association. Ngati simunalowe bungwe lililonse, pezani anzanu anayi kapena asanu oyenda njira yomweyo, muphatikize malisiti anu, mulembe kalata imodzi n'kusainira nonse.