Abambo, kometa muzipita naye mwana wanu

Abambo anzanga a kuno ku Mangochi, musamangomupatsa mnyamata wanu ndalama kuti akamete yekha. Muzipita naye, makamaka m'mawa dzuwa lisanakwere, poti kutentha kwa kuno mukukudziwa, mwana sachedwa kutopa pabenchi.

Mukafika, yambani ndinu kukhala pampando. Wanga ankalira akangomva phokoso la mashini, koma tsiku lomwe anandiona ndikumetedwa kwinaku ndikuseka, anakwera yekha pampandopo. Wometayo muuzeni apukute mashini ndi sipiriti inu mukuona, chifukwa chipere chimafalikira m'mashini momwemo.

Foni ikhale m'thumba. Pobwerera mugulireni chitumbuwa, muziyenda pang'onopang'ono. Nkhani za kusukulu zomwe wanga sanena kunyumba, ine ndimazimvera panjira imeneyi.