Kuona makamera a NVR ya Hikvision muli kutali

Mwafunsa chifukwa chake makamera amaoneka mukakhala mushopu, koma mukangotuluka foni imakana. Kawirikawiri vuto ndi IP (adiresi ya chipangizo pa netiweki) yosinthasintha kapena ma port (makomo olowera pa netiweki) otseka.

Pa NVR, chipangizo chosunga vidiyo ya makamera, lowani mu Configuration, Network, kenako TCP/IP. Zimitsani DHCP (yomwe imagawa IP yokha), mulembe IP yokhazikika, monga 192.168.1.200. Subnet mask ikhale 255.255.255.0, gateway ikhale adiresi ya rauta yanu. Pa DNS ikani 8.8.8.8.

Mukatero pitani pa rauta, mulozetse port 8000 ndi 554 ku IP ija. Ya 8000 ndi ya iVMS-4200 (pulogalamu ya Hikvision yoonera makamera), ya 554 ndi ya RTSP (njira yotumizira vidiyo). Port 80 ine ndimaisiya yotseka, chifukwa akuba a pa intaneti amagogoda pamenepo usana ndi usiku. UPnP (yomwe imatsegula ma port yokha) muzimitsenso, ndipo pasiwedi ikhale yolimba ndithu.

Apa ndi pamene ambiri amakodwa. Onani WAN IP ya rauta, adiresi yomwe imapatsidwa ndi kampani ya intaneti. Ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, muli pa CGNAT (kampani ya intaneti ikugawira makasitomala ambiri IP imodzi), ndipo ma port aja sagwira ngakhale mutachita chotani. Zikatero, yatsani Hik-Connect (njira ya Hikvision yolumikizira foni popanda kulozetsa ma port) pa Platform Access mu NVR.

Poyesa, zimitsani Wi-Fi pafoni, mugwiritse ntchito data, apo ayi muganiza kuti zatheka chikhalirecho muli m'kati momwemo.