Kaikidwe ka khodi ya P09 zotsatira za khanda zikabwera ndi chachilendo

Inu amene mwangoyamba kumene ntchito ya coding (yolemba makhodi a matenda m'marekodi a chipatala) kuno ku America, tiyeni tikambirane za P09, khodi ya zotsatira zachilendo za screening (mayeso oyamba a khanda), chifukwa ambiri mukupunthwa pamenepa. Mwana akabadwa, pakatha maola 24 mpaka 48 amamubaya kachidendene n'kudontheza timagazi pa kakhadi kopita ku labu, amamuyezanso makutu komanso oxygen ndi kamakina komata ku dzanja ndi ku phazi. Ndiye zotsatira zikabwera kuti pali chachilendo, chonde musathamangire kulemba matenda. Screening imangoti "tamuyezaninso bwinobwino mwanayu", basi.

Choyamba, kuyambira pa 1 Okutobala 2021 mu ICD-10-CM (mndandanda wa makhodi a matenda kuno ku America) P09 yokha sikwanira, a inshulansi akubwezerani claim yanu. Muyenera kuwonjezera nambala ina. P09.1 ndi ya metabolism (mmene thupi limagwiritsira ntchito chakudya) monga PKU (phenylketonuria), P09.2 ya mahomoni monga chithokomiro ndi CAH (congenital adrenal hyperplasia), P09.3 ya magazi, P09.4 cystic fibrosis, P09.5 mtima, P09.6 makutu. P09.8 ndi ya zina zomwe sizikulowa m'magulu amenewa, ndipo P09.9, ya pomwe vuto silinatchulidwe, musaizolowere ayi, tsegulani lipoti la ku labu muone chomwe chatuluka, nthawi zambiri chimakhala chalembedwa poyera.

Pomwe ine mtima umandiwawa ndi pa P09.3. Ife a ku Malawi ndi Zambia sickle cell timaidziwa, ambiri taonapo mwana wa m'mudzi akulira ndi ululu wa mafupa usiku wonse, ndiye munthu ukaona lipoti likutchula hemoglobin S (ya sickle cell) dzanja limafuna kulemba D57.1, khodi ya matendawo, pompo. Dikirani kaye. Mwina mwanayo wangotengera mbali imodzi, imeneyo ndi trait, D57.3, ndipo ngakhale imeneyonso simuilemba mpaka dokotala atatsimikiza ndi mayeso achiwiri n'kulemba yekha mu chart. Khodi yolakwika ikalowa mu rekodi ya mwana kuichotsa ndi chintchito, imamutsatira chipatala ndi chipatala, mayi ake n'kumangosowa tulo ndi matenda oti mwana wawo alibe.

Kumbukiraninso kuti ku outpatient (kwa osagonekedwa m'chipatala) dokotala akalemba kuti suspected kapena probable, kutanthauza kuti akungoganizira, zimenezo sitikoda ngati matenda, mukhalabe pa P09 yanu ndipo ngati pali zizindikiro zomwe zalembedwa muwonjezere makhodi ake. Akadzatsimikiza, mwachitsanzo congenital hypothyroidism (kuchepa kwa mahomoni a chithokomiro kobadwa nako) yopanda chotupa cha pakhosi, mpamene mumasinthira ku E03.1.

Pa rekodi ya kubadwa Z38, khodi ya mwana wobadwa wamoyo, ndiye imayamba, monga Z38.00 kwa mwana mmodzi wobadwira m'chipatala mopanda opaleshoni, P09 izibwera pambuyo pake, ndipo Z38 imalembedwa kamodzi kokha, osati mwana akabweranso ku kiliniki. Za HIV musaziike mu P09, zili ndi khodi yake, R75.